Mdima Wothandiza Kuona: Helimeti ya Wowotcherera ndi Funso la Chophimba

Pakati pa mafunso akale amene anthanthi ndi aphunzitsi a zipembedzo akhala akulimbana nawo pali lakuti kodi chinthu chimene chaima pakati pa diso ndi kuwala chimamubera munthu choonadi, kapena ndicho chimene chimamupatsa mwayi woti achione. Funsoli limamveka ngati la m'kalasi ya zaumulungu, koma malo amene limayankhidwa tsiku ndi tsiku, ndiponso kumene yankho lolakwika limalipiridwa ndi misozi usiku womwewo, ndi m'magalaja okonzera magalimoto, monga aja a ku Biwi mu Lilongwe kapena a ku Ndirande mu Blantyre, kumene mmisiri wowotcherera amayenera kusankha chimene aphimbe nacho nkhope asanayatse makina. Kuwotcherera ndi magetsi ndiko kulumikiza zitsulo ziwiri pozisungunula ndi lawi limene limabadwa magetsi akamadumpha kampata kakang'ono kuchoka ku nsonga ya ndodo yowotcherera kupita pa chitsulo, ndipo popeza chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, lawilo limatentha kuposa pamenepo kutalitali. Mmisiriyo ali pa mpanipani wosathawika, chifukwa ntchito yake siingatheke popanda kuyang'anitsitsa pamene pali lawilo, komanso sangaliyang'ane ndi maso osaphimba n'kukhalabe ndi maso abwino.

Lawi la magetsi limatulutsa kuwala kwa mitundu itatu, ndipo mwa itatuyi diso limaona umodzi wokha. Pali kuwala kooneka, kuja kumathobwa m'maso n'kusiya kadontho kobiriwira kakuyandama patsogolo pa munthu. Pali cheza chotchedwa IR, chimene khungu limachimva ngati kutentha. Ndipo pali cheza chotchedwa UV, chimene sichioneka ndiponso sichimveka pa nthawi imene chikuwononga. Cheza chomalizachi chimapsereza kachikopa koonekera kamene kali kutsogolo kwenikweni kwa diso, koma ululu wake umabwera patapita maola 6 mpaka 12, pamene mmisiri waweruka, wasamba, wadya nsima ndipo wagona. Pakati pa usiku amadzidzimuka maso akubaya ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, zikope zatupa, ndipo ngakhale kuwala kwa foni sakufuna kukuona. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu diso limapola, ndipo kupola msangaku ndiko kumanyenga ambiri kuti vutolo ndi lopepuka, pamene kwa zaka zambiri cheza chomwecho chimathandizira kubweretsa ng'ala. Mu 2017 bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe lili ku Lyon m'dziko la France ndipo ndi nthambi ya World Health Organization, linaika cheza cha UV chochokera pa kuwotcherera pamodzi ndi utsi wake m'gulu loyamba la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa, chezacho ya m'diso ndipo utsiwo ya m'mapapo. Akale anati tsoka silinunkha, ndipo pano mawuwo ndi oona mpaka pa fupa, popeza chimene chimaopsa kwambiri mu lawilo ndi chomwe palibe chiwalo cha thupi chimene chimachenjeza za icho.

Pamaso pa kuwala kotere munthu wopanda chophimba ali ndi njira ziwiri zokha, ndipo zonse ziwiri zimaoneka m'magalaja a m'mbali mwa msewu. Yoyamba ndi kupenyetsetsa ndi maso okhaokha, kapena ndi magalasi a dzuwa ogula pamsika, poganiza kuti maso anazolowera. Koma diso silizolowera cheza monga dzanja limazolowerera khasu, ndipo chimene mmisiri amachitcha kuzolowera ndi kungoleka kudandaula. Yachiwiri ndi yofala kwambiri ndipo imayenera kuionetsetsa bwino: mmisiri amaloza ndodo pamalo olumikizapo, kenaka amatsinzina n'kutembenuzira nkhope kumbali, lawi n'kung'anima, iye n'kutsegula maso kuti aone chimene chachitika. Njira imeneyi imaoneka yanzeru chifukwa imasungako maso pang'ono, koma imapereka nsembe ntchito yeniyeniyo. Chimene wowotcherera amayenera kuchiona si lawi ayi, koma kathamanda ka chitsulo chosungunuka kamene kamayenda pansi pa lawilo, kakang'ono ngati njere ya chimanga, ndipo m'lifupi mwake, liwiro lake ndi mmene kakunyowetsera mbali zonse ziwiri ndi zimene zimamuuza ngati zitsulozo zikugwiranadi mpaka mkati kapena zangomatidwa pamwamba. Msoko wosokedwa ndi maso otsinzina umatha kuoneka wolimba, koma ukakhala pa chogwirizira sipuling'i ya minibasi yonyamula anthu 16, amene adzalipire kutsinzinako ndi okwera amene sanaonepo n'komwe nkhope ya mmisiriyo. Wopenyetsetsa ndi wotsinzina amaoneka ngati otsutsana, koma pa chinthu chimodzi ndi ofanana, chakuti onse awiri sanakaone kathamanda kaja.

Apa ndi pamene helimeti yowotcherera, chipewa chija chimaphimba nkhope yonse ndi khosi n'kusiya kawindo kamodzi ka galasi lakuda, imasanduka nkhani ya anthanthi, chifukwa mdima wa galasilo ndi woyezedwa. Opanga magalasiwa amalemba nambala yotchedwa shedi, imene imasonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene galasi limalola kudutsa, ndipo nambala ikakwera ndi imodzi kuwala kodutsako kumachepa pafupifupi katatu. Galasi la shedi 3 limalola gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 7, la shedi 10 gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 7,000, ndipo la shedi 13 gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 140,000. Munthu wosadziwa angaganize kuti galasi lakuda kwambiri ndilo labwino kwambiri, koma ganizo limeneli ndi kutsinzina komwe kuja kutangovala dzina lina. Malata a thupi la galimoto yaing'ono nthawi zambiri safika ngakhale milimita imodzi kuchindikala kwake, motero amawotchereredwa ndi mphamvu yochepa ya magetsi, imene imayezedwa mu maampeya, ndipo lawi lake limakhala lofooka kotero kuti pa shedi 13 mmisiri amangoona kanyenyezi mumdima wa bii, mzere woti atsate osauona. Chasisi ya lole, yomwe ndi mafupa onyamula galimoto yonse, imafuna maampeya ochuluka ndi lawi laukali, ndipo pamenepo shedi 9 imasiya maso atatopa ndi kuthobwa. Popeza galaja imodzi imalandira ntchito zonsezi tsiku limodzi, m'mawa chitseko chodyedwa ndi dzimbiri, masana paipi ya ekizozi, madzulo ngolo yokokedwa, helimeti yoyenera ntchito ya magalimoto ndi imene shedi yake imasinthika kuchoka pa 9 kufika pa 13. Muyezo wa mdima woyenera suchokera pa mantha a wovala kapena pa kulimba mtima kwake, koma pa mphamvu ya kuwala kumene wayang'anizana nako.

Anthanthi a ku Greece ankalidziwa vutoli ngakhale analibe magetsi. M'buku la Plato lotchedwa Phaedo, limene limafotokoza tsiku lomaliza la Socrates m'ndende ya ku Athens mu 399 BC, Socrates akukumbutsa anzake za anthu amene amawononga maso poyang'ana kadamsana mwachindunji m'malo moyang'ana chithunzi chake m'madzi, ndipo akuti anaopa kuti mzimu wake ungachite khungu mwa njira yomweyo akamafuna kugwira choonadi cha zinthu ndi maso, choncho anathawira ku kulingalira ndi mawu. Aristotle naye anayerekeza nzeru za munthu pamaso pa zinthu zoonekeratu kwambiri ndi maso a mleme pamaso pa kuwala kwa masana, kutanthauza kuti vuto silili mwa zinthuzo koma mwa woonayo. Komabe pa ganizoli pali chitsutso champhamvu chimene sichiyenera kupeputsidwa. Wina anganene kuti woyang'ana m'madzi sakuona dzuwa koma chithunzi chabe, ndipo kuti aliyense amene wavomereza chophimba wavomereza kukhala ndi choonadi cha theka, chosefedwa ndi munthu wina amene anasankha chimene chidutse ndi chimene chitsale. Chitsutsochi chili ndi mano, chifukwa mbiri ya anthu yadzaza ndi olamulira ndi aphunzitsi amene anabisa zinthu ponena kuti anthu wamba sangazipirire.

Helimeti ya wowotcherera imayankha chitsutsochi bwino kuposa madzi a Socrates. Amene wavala galasi loyenera sakuona chithunzi cha chitsulo, akuona chitsulo chenichenicho pa nthawi yeniyeniyo, ndipo akuona zambiri kuposa amene wayima pambali ndi maso osaphimba, popeza winayo akungoona kuyera kosalekanitsa kanthu. Galasilo silinachotse choonadi chimene mmisiri amachifuna. Lachotsa kuchuluka kumene kunkachikwirira. Pamenepa pakupezeka muyezo wosiyanitsira chophimba chabwino ndi chonyenga, ndipo muyezowo ndi wosavuta: chophimba chabwino chimachititsa wovala kuona zinthu zimene asanachivale sankaziona, ndipo ntchito ya manja ake imachitira umboni lawi likazima. Mmisiri akatukula helimeti n'kugogoda khungwa louma limene ndodo imasiya pamwamba pa msoko, pansi pake pamaoneka mizere yofanana, yosanjikizana ngati mamba a chambo, kapena pamaoneka timabowo ndi zibuluma, ndipo palibe kulankhula kokoma kumene kungasinthe chimene chaonekacho.

Malemba opatulika amapita nayo patali nkhaniyi, chifukwa amafunsa kuti chophimbacho chimachokera kwa yani. Mu Eksodo chaputala 33 Mose akupempha kuona ulemerero wa Mulungu, ndipo akuuzidwa kuti munthu sangaone nkhope ya Mulungu n'kukhala ndi moyo. Koma pempholo silikukanidwa kotheratu, chifukwa Mose akuikidwa mu mng'alu wa thanthwe, akuphimbidwa ndi dzanja la Mulungu mwini mpaka ulemererowo utadutsa, kenaka akuloledwa kuona kumbuyo. Qur'an, mu sura 7 ndime 143, ili ndi nkhani ya pempho lomwelo la Musa, pamene phiri likuphwanyika ndipo mneneriyo akugwa chikomokere. Mu Machitidwe chaputala 9 Saulo akukumana ndi kuwala pa njira ya ku Damasiko ndipo akukhala masiku atatu osaona, pamene mu Yesaya chaputala 6 ngakhale aserafi, amene amakhala pafupi ndi mpando wachifumu, akuphimba nkhope ndi mapiko. Gregory wa ku Nyssa, bishopu wa m'zaka za m'ma 300, anaona m'moyo wa Mose dongosolo lodabwitsa, lakuti poyamba anakumana ndi Mulungu m'kuwala kwa chitsamba choyaka, koma atakhwima anakumana naye mumdima wa pa phiri la Sinai, ndipo anaphunzitsa kuti mdima umenewo suli kusowa kwa Mulungu koma kuyandikira kwake. Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba m'buku lake Mishkat al-Anwar za zophimba za kuwala ndi za mdima, ndipo ganizo lake linali lakuti Mulungu amabisika chifukwa cha kuonekera kwake kopitirira muyezo. Makolo a Achewa sanali kutali ndi nzeru imeneyi, popeza Mulungu yemwe ankamutcha Mphambe pokumbukira mphezi ndi bingu ankamutchanso Chauta pokumbukira utawaleza, ndipo utawalezawo, womwe ndi kuwala kwa dzuwa kumene diso lingathe kukupirira ndi kukusirira, umaoneka pokhapokha munthu atalifulatira dzuwalo.

Chinthu chozama mu nkhani ya Mose ndi chakuti dzanja lophimba ndi la Iye yemweyo amene akuwala, ndipo helimeti zamakono zili ndi kamthunzi ka zimenezi m'kapangidwe kake. Mu 1981 kampani ya Hörnell ya ku Sweden inatulutsa helimeti yotchedwa Speedglas, imene galasi lake limada lokha, ndipo kampaniyo inagulidwa ndi 3M mu 2004. Galasi lotere lili ndi zigawo zingapo zosanjikizana. Chigawo china ndi sefa yokhazikika imene imatsekereza UV ndi IR nthawi zonse, kaya galasi lada kaya layera. China ndi chofanana ndi sikirini ya wotchi ya manambala, chimene chimada magetsi ochepa akachidutsa. Ndipo kutsogolo kuli masensa, tizipangizo tozindikira kung'anima kwa lawi. Lawi lisanayake galasi limakhala pa shedi 3 kapena 4, moti mmisiri amaona bwino pamene akuloza ndodo, ndipo lawi likangoyaka limada m'kanthawi kamene opanga ambiri amakalemba ngati gawo limodzi mwa magawo 10,000 mpaka 25,000 a sekondi. Helimeti zambiri zilinso ndi kasola kakang'ono kamene kamatenga mphamvu kuchokera ku lawi lomwelo n'kuthandiza batire, kotero kuti kuwala kumene kukanapsereza diso ndiko kumaitana mdima woliteteza ndi kuudyetsa. Fanizoli lili ndi malire ake ndipo siliyenera kukokedwa mpaka kuduka, chifukwa lawi la magetsi ndi cholengedwa chimene munthu amachiyatsa, kuchiyeza ndi kuchizimitsa, ndiponso lilibe chifundo kapena cholinga. Mulungu wa Mose amaphimba chifukwa akufuna kuti woonayo akhale ndi moyo. Chimene fanizoli limasonyeza ndi chochepa koma cholimba, chakuti kulandira chophimba si kugonja kwa nzeru, ndi kuvomereza kukula kwenikweni kwa diso.

Pansi pa galimoto ndi pamene ubwino wa helimeti umayesedwa kwenikweni. Mmisiri wagona chagada pa katoni, galimoto yakwezedwa pa majeki, mpata pakati pa mphuno yake ndi ekizozi ndi wosakwana mkono, ndipo pakati pa nkhope yake ndi lawi pali mapaipi, akisulo ndi zitsulo zopingasa. Helimeti ya masensa awiri imatha kulephera pamalo otere, chifukwa chitsulo chimodzi chikaphimba masensawo galasi limayera lawi likadali loyaka, ndipo n'chifukwa chake wokonza magalimoto ayenera kufunafuna ya masensa anayi. Ayeneranso kuyang'ana ngati ili ndi kabatani kosinthira tcheru cha masensa, popeza ntchito yochitikira panja pa dzuwa la mu Okutobala imatha kudetsa galasi nthawi yosayenera pamene lawi lofooka la pa malata opyapyala limatha kusazindikirika, ndiponso kosinthira nthawi imene galasi limadikira lisanayere, chifukwa chitsulo chimakhalabe chofiira lawi litazima. Chipewa chachikulu chimakodwa m'malo opanikizika, cholemera chimapweteketsa khosi, ndipo lamba wa kumutu wosagwira bwino amachititsa kuti chizigwera pa chifuwa. Kagalasi ka pulasitiki ka kunja, kamene kamalandira mbaliwali ndi timadontho ta chitsulo, kamachita zipsera msanga ndipo kamayenera kusinthidwa kawirikawiri, motero helimeti imene timagalasi take sitipezeka m'sitolo za m'dziko muno ndi ya miyezi yochepa ngakhale ikhale yokongola motani. Zambiri zili ndi batani loimitsa kuda kwa galasi pamene mmisiri akupala chitsulo ndi galayinda, ndipo batani limeneli ndi lothandiza komanso loopsa, chifukwa woiwala kulibweza amayatsa lawi galasi lili loyera.

Helimeti yakale ya galasi lakuda losasintha, kawirikawiri la shedi 10 kapena 11, siyenera kunyozedwa. Vuto lake ndi lakuti wovala amakhala mumdima mpaka lawi litayaka, choncho amaloza ndodo chipewa chili m'mwamba kenaka n'kugwedeza mutu kuti chigwe, ndipo pa malata a galimoto, amene amalumikizidwa ndi timadontho tambirimbiri tapatalipatali kuti asapindike ndi kutentha, kugwedeza kumeneku kumachitika kosawerengeka ndipo ndodo imatha kuchoka pamalo pake. Chishango chogwira pamanja chimalanda dzanja limene likanagwira chitsulo. Komabe galasi lenileni losasintha ndi lotsika mtengo, silifuna batire, siliwonongeka ndi kugwa kwa masensa, ndipo limateteza diso mokwanira. Kwa mmisiri amene ndalama zake ndi zochepa ndi bwino kugula lotere lenileni kusiyana ndi lodzidetsa lokha lachinyengo.

Mawu akuti lenileni akubweretsa gawo lovuta kwambiri la funso lonse, limene ndi la chikhulupiriro. Wogula angathe kuyesa ngati galasi likuda, polilozetsa ku dzuwa kapena poyatsa laita patsogolo pa masensa, koma sangathe kuyesa ndi maso ngati likutsekereza UV ndi IR, chifukwa zimenezi n'zosaoneka. Galasi lakuda lopanda sefa yoyenera ndi loipa mwanjira yake yapadera, popeza mdima wake umachotsa kuthobwa kumene kukanachititsa munthu kuphethira ndi kuthawa, umakulitsa mwana wa diso, n'kumusiya akuyang'anitsitsa mwamtendere chinthu chimene chikumuwononga. Ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo ndi chithunzi choyenera cha chiphunzitso chonyenga chilichonse, chimene chimapatsa munthu mpumulo wa chophimba popanda chitetezo chake. Motero mmisiri, ngakhale atakhala wosapemphera, amakhala moyo wokhulupirira umboni wa ena pa chinthu chimene sangachione. Umboniwo uli mu zilembo zodindidwa pa galasi ndi pa chipewa: ANSI Z87.1 ndi muyezo wa ku America, EN 175 ndi wa ku Europe wokhudza chipewa, ndipo EN 379 ndi wa magalasi odzidetsa okha. Muyezo womalizawu umapereka manambala anayi, lililonse kuyambira 1 mpaka 3, oyeza ngati galasi silikupotoza zinthu, silikuchita chifunga, likuda mofanana paliponse, ndiponso ngati mdima wake susintha munthu akayang'ana chammbali, ndipo 1/1/1/1 ndiye mapeto a ubwino. Koma chidindo nacho chimaberedwa, kotero kuti chikhulupiriro chanzeru sichiima pa zilembo zokha. Chimafunsa kuti wopanga ndani, pepala la malangizo lilipo kodi, ndipo wogulitsayo adzapezekanso mawa pamalo omwewo zinthu zikavuta. Safunsa anadya phula, ndipo chikhulupiriro chimene chimaopa mafunso otere, kaya pa sitolo kaya pa guwa, chimafanana kwambiri ndi magalasi a dzuwa kusiyana ndi helimeti.

John Calvin, m'buku lake Institutes limene linafika pa mawonekedwe ake omaliza mu 1559, anayerekeza Malemba ndi magalasi amene nkhalamba ya maso ofooka imavala kuti zilembo zobalalika zisonkhane n'kuwerengeka. Owotcherera okalamba amachita chimodzimodzi, popeza helimeti zambiri zili ndi malo olowetsamo kagalasi kokulitsa zinthu kumbuyo kwa galasi lakuda, ndipo mmisiri amene misoko yake yayamba kukhota atapitirira zaka 40 nthawi zambiri vuto lake si dzanja koma diso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha popanda galasi loyenera sikuonetsa kathamanda. Ndi bwinonso kunena kuti helimeti ili ndi malire ake: siteteza mapapo ku utsi, makamaka wa malata okutidwa ndi zinki umene umadwalitsa malungo a usiku umodzi, ndipo siiletsa thanki ya petulo kuphulika.

Chatsala ndi funso la yemwe ayenera kugula, ndipo apa nkhani ya kuona ikusanduka nkhani ya chilungamo. M'magalaja ambiri helimeti imakhala imodzi, ya bwana, pamene mnyamata wophunzira ntchito, amene wagwira chitsulo ndi manja awiri nkhope yake ili pafupi ndi lawi kuposa ya bwanayo, amangouzidwa kuti ayang'ane kumbali. Cheza cha UV sichisankha wogwira ndodo, chimalowa chammbali, chimanjanja pa malata owala ndi pa khoma loyera, ndipo chimafikira ngakhale mayi wogulitsa mandasi pakhomo la galaja ndi ana oima kuonerera mbaliwali. Kuyankha kuti Mulungu ndiye amateteza ndi kugwiritsa ntchito mawu oona pa malo olakwika, chifukwa Yesu mwini, atauzidwa kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi podalira angelo, anakana nati kutero ndi kuyesa Mulungu, ndipo hadisi yodziwika bwino ya Mtumiki Muhammad imalangiza mwini ngamila kuti ayimange kaye kenaka adalire Mulungu. Deuteronomo 22:8 imalamula womanga nyumba kuika kampanda pa denga kuti mlandu wa magazi usagwere nyumbayo munthu akagwa, kusonyeza kuti udindo wa chitetezo uli pa mwini malo osati pa woyendapo, ndipo lamulo la dziko la Malawi la 1997 la Occupational Safety, Health and Welfare Act limaika pa wolemba ntchito udindo womwewo wopereka zodzitetezera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mnyamata amene wabwera kudzaphunzira luso sanabwere kudzasinthanitsa maso ake ndi lusolo. Sangaliphunzirenso n'komwe atatembenuzira nkhope kumbali, popeza chimene akuyenera kuphunzira chili m'kathamanda kaja.

Eni magalaja, ndiponso masukulu a ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, awerenge nkhope zimene zimayandikira lawi osati makina amene ali nawo, ndipo agule helimeti molingana ndi nkhopezo: ya shedi yosinthika kuchoka pa 9 kufika pa 13, ya masensa anayi ndi chidindo chotsatika kwa wogwira ndodo, ndi ina, ngakhale ya galasi losasintha la shedi 10 kapena 11, kwa wogwira chitsulo. Pakhomo la galaja aimikepo lata kapena thabwa lotchingira odutsa. Ndipo mwini galimoto amene wapeza mnyamata akugwirira bwana wake chitsulo ali chotsinzina ali ndi ufulu wonse wopempha kuti makinawo azimitsidwe kufikira mnyamatayo atapatsidwa chophimba.